Bodza Limodzi la Aphunzitsi Mukhova

Mayi anga, amene anawoloka mtsinje wa Ruo ali mtsikana ndi kamtolo kamodzi pamutu, anandichenjeza ndili namwali kuti munthu wokuwerengera kalata wakuvula. Ankati maso ake amaona zonse, pakamwa pake pamakupatsa theka, theka linalo amakagawa kumjigo. Sankanama. Tsiku lina alamu anga anandiwerengera kalata ya malemu amuna anga, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unkadziwa zimene zinali m'menemo, ndi zina zimene munalibe.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene akulemba. Dzina langa ndine Esitere, koma kuno kufupi ndi Milonde amanditchula amake Rozina. Sindidya kwa eni, sindibwereketsa khasu, ndipo chitseko changa chakhala ndi mipiringidzo iwiri kuyambira kale. Koma nkhaniyi si ya ine. Ndi ya a Wayisoni Mukhova, aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha, amene tawaika m'manda mwezi wathawu.

Pamaliro pawo ndinakhala kumbuyo, monga ndimachitira, poti ndiziona aliyense. Kutsogolo kwanga kunali amayi awiri a mvano. Mmodzi anaweramira mnzake n'kunong'ona kuti, "Anali munthu wabwino ndithu, koma zija anachita kwa amake Rozina, aweruze ndi Mulungu."

"Tonthola iwe," mnzakeyo anatero, "ali pambuyo pakopa."

Onse awiri anatembenuka n'kundiyang'ana mondimvera chisoni. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikulandira chisoni chimenecho ngati munthu wosunga katundu wakuba. Pochoka kumanda ndinadzera kugolosale n'kugula makope awiri kuti ndichibweze.

A Mukhova anali munthu wamfupi, phewa lakumanja lotsika chifukwa cha zaka zambiri zonyamula sikelo ku esiteti ya tiyi. Ali mwana sanapondeko kusukulu. Manambala anawadziwira pankhope ya sikeloyo, poona pamene muvi waima kalaliki asanatchule. Zilembo anazitola pa matumba a feteleza ali kale ndi ana anayi. N'chifukwa chake sankaseka munthu wogwira pensulo ngati mpini. Ankati dzanja limene lathyola tiyi zaka makumi awiri, masamba awiri ndi kansonga, osaphonya, silingagonje ndi kamtengo kopanda minga.

Tinkaphunzira masana, katatu pa sabata, mu shedi yakale yoyezera tiyi kuseri kwa tchalitchi. Bolodi linali chitseko chakale chimene anachipaka zakuda za m'mabatire otha. Choko chikatha ankalemba ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndipo chinkalemba bwino, vuto linali lakuti chinkadyedwa. Tsiku lina atatembenuka anapeza patebulo palibe kanthu.

"Choko changa chapita kuti?"

"Mbewa, aphunzitsi," anayankha amake Joji, milomo ili mbuu.

"Chabwino. Mbewa yovala dukuyo ikamaliza kutafuna ibwere idzalembe dzina lake."

Tsiku langa loyamba tinayambana ndi aphunzitsi ndisanakhale pansi. Anatsegula kaundula n'kufunsa dzina langa.

"Mayina amenewa akupita kuti?" ndinatero.

"M'chikwama mwangamu, mayi."

"Akachoka m'chikwamamo?"

"Ku boma, akaone kuti sindikuphunzitsa mbuzi."

"Langa lisapite."

Sanandikakamize. Anayang'ana pamene ndinakhala, pafupi ndi potulukira, n'kulemba kuti mayi wa pakhomo. Tsiku lililonse poitana mayina ankaitana choncho, ine n'kuyankha ndi kutsokomola.

Anali ndi lamulo limodzi limene anthu ambiri ankadana nalo. Sankawerengera wophunzira pepala lililonse, kaya ndi kalata, kaya ndi buku la kuchipatala. Ngakhale kuliyang'ana ankakana. Ankati kuwerengera munthu kuli ngati kumubereka powoloka mtsinje, mawa umupezanso pagombe akudikira msana wako. Amene anali ndi pepala lomuvuta ankayenera kukopera mawu amodzi pa kope, n'kubwera nawo, tonse n'kulimbana nawo pabolodi mpaka mwini wake awatchule yekha. Ena ankati ndi kunyada. Bambo wina anachita kumenyetsa kope pansi n'kunena kuti sanabwere kudzasewera ndi chinangwa, ndipo sanabwererenso. Ine lamulo limenelo ndi limene linandikoka. Ndinati apa ndapeza munthu woti andipatse maso popanda kundivula.

Chifukwa ndinali ndi kalata.

Rozina anali mwana wanga mmodzi yekha amene anakula. Anachoka titakangana. Anatengana ndi mwamuna wa kutsidya kwa Ruo, wogula nandolo, ine nditamuuza kuti maso a munthuyo sindinawakonde. Pochoka ananena mawu amene sindiwalemba pano, ndipo anga amene ndinabweza sanali abwino kuposa akewo. Zaka zitatu kunali zii. Kenako mwezi wa Okutobala, dzuwa likuotcha, munthu wina wa njinga wogulitsa nsomba zouma anaima pakhomo panga n'kundipatsa envelopu, n'kunena kuti yachokera kwa mwana wanga. Ndinamufunsa ngati anaitsegula. Anaseka n'kupita. Ndinaisokera mkati mwa pilo, ndipo sabata yotsatira ndinayamba sukulu.

Mawu oyamba amene ndinadziwa anali dzina langa, limene ndinapempha amake Joji kuti andifunsire ngati la m'bale wawo. Nditafika kunyumba ndinasomola pilo, n'kulipeza m'kalatamo kawiri, pamwamba ndi chakumapeto. Ndinaganiza kuti akunditukwana kawiri.

Tsono imvani nzeru zimene ndinachita, zimene ndinkadzitama nazo mumtima. Pofika Disembala dzanja linali litazolowera kukopera. Koma ndinkaopa kuti ndikamabweretsa mawu motsatana, aphunzitsi adzawalumikiza n'kudziwa za m'nyumba mwanga. Choncho ndinkatola mosokoneza. Lero mawu a pansi, mawa a pakati. Pakati pake ndinkaponyamo mawu a pa pepala la sopo kapena pa paketi ya mchere kuti ndiwasocheretse. Khirisimasi isanafike ndinabweretsa akuti chifuwa. Chaka chitangoyamba ndinabweretsa akuti mafupa. Kenako akuti anandithawa. Aliwonse tinkawagawa pabolodi, ine n'kuwatchula, anzanga n'kuwomba m'manja. Koma ndikafika kunyumba ndinkalephera kuwalumikiza ndi anzake oyandikana nawo, chifukwa oyandikanawo sindinkawadziwa. Amene ndinkamusocheretsa ndinali ine ndemwe. Ndipo ndinene zoona, mumtima ndinkati wodwala chifuwayo ndi mwamuna uja, adwale.

Lolemba lina m'Januwale ndinabweretsa akuti musachedwe. A Mukhova anawalemba pabolodi, n'kuwayang'anitsitsa makaka ali m'manja. M'mawa mwake, kuli mvumbi, ndikubandira chimanga, ndinawaona ataima kumalire a munda wanga chipewa chili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amake Rozina?"

"Ndadzuka. Sukulu ndi mawa."

"Sindinabwerere sukulu." Anatulutsa kapepala m'thumba la malaya. "Mawu anu aja ndakhala ndikuwasunga. A sopo ndi a mchere ndawachotsa. Atsala awa: chifuwa, mafupa, anandithawa, musachedwe. Mayi, kuli munthu akudwala kwinakwake. Katengeni pepalalo tiwerenge lero lomwe. Lamulo lija ndi langa, ndaliphwanya ndekha."

Pa zonse zimene ananena, makutu anga anamva chimodzi chokha, chakuti akhala akusunga.

"Ndiye nthawi yonseyi mwakhala mukutola pambuyo panga ngati nkhuku? Mwauza angati? Akazi anu akudziwa?"

"Palibe amene akudziwa."

"Onse amatero. Alamu anga anateronso."

"Ine si alamu anu."

"Chokani m'munda mwanga, kazitape inu. Mungandipondere nandolo."

Sanakwiye. Anaika kapepalako pamzere n'kukatsendereza ndi mwala. Ananena kuti m'mawa uliwonse azidutsa pakhomo panga n'kuliza belu la njinga kawiri, ndipo tsiku limene ndafuna ndidzangotsegula. Anavala chipewa n'kupita, phewa lija lili chotsika.

Analiza belu m'mawa kwa masiku khumi ndi atatu. Ine ndinali mkati, mipiringidzo yonse iwiri ili m'malo mwake. Kusukulu ndinasiya. Masana ndinkakhala pafupi ndi zenera n'kumalimbana ndi kalata ija ndekha, chala chikuyenda pansi pa zilembo mpaka pepala linayamba kuda. M'bandakucha wa tsiku lakhumi ndi chitatu ndinakwanitsa kulumikiza mawu awiri ndekha, pafupi ndi pamene dzina langa linali kachiwiri. Anali akuti mwana wanga. Rozina anali ndi mwana. Belu litalira kachiwiri ndinali nditatsegula kale.

Ngakhale pamenepo anandisungira ulemu umene sindinauyenere. Anatenga mipando iwiri n'kuiika pansi pa mtengo wa mapeyala, yoyang'ana kosiyana. Tinakhala mofulatirana. Ine ndinagwira kalata n'kumatchula zilembo chimodzichimodzi, iwo n'kumazilumikiza. Choncho mawu a mwana wanga ndinawamva akutuluka m'kamwa mwa nkhalamba, kumbuyo kwanga, pang'onopang'ono.

"Kwa amayi anga a Esitere. Ndine Rozina. Ndikudwala chifuwa, ndatsala mafupa okhaokha. Bambo uja anandithawa. Munanena zoona. Zija ndinalankhula pochoka mundikhululukire. Bwerani mudzanditenge ine ndi mwana wanga Esitere, ndinamupatsa dzina lanu. Musachedwe."

Pansi pake panali dzina la mudzi. Titamaliza palibe amene anatembenuka. Kenako ndinamva mpando wawo ukusuntha, iwo n'kunena kuti akupita kukapopa matayala.

Tinanyamuka tsiku lomwelo. Ruo anali atadzaza, wabwato anachita kutinyinyirika. Kutsidyako anandikweza panjinga, pokwera n'kumatsika tonse, m'matope n'kumaikankha. Tinagona panjira kwa anthu a mpingo wawo. Madzulo a tsiku lachiwiri tinafika. Mayi wina wachikulire, woyandikana nyumba ndi Rozina, atamva dzina langa sanatipatse moni. Anangotitsogolera kuseri kwa mudzi, ku mulu wa dothi lofiira limene mvula inali isanaliphwanye. Ananena m'Chilomwe kuti papita masiku asanu ndi limodzi Rozina atamwalira. Ananenanso kuti masana aliwonse Rozina ankapempha kuti amugoneke pakhonde nkhope itayang'ana kunjira. Kumbuyo kwa mayiyo kunali kamwana ka zaka ziwiri, kamphumi kofanana ndi ka mayi anga.

Kuchotsera anandiphunzitsa ndi a Mukhova omwewo, ndi nthanga za nandolo. Kuyambira tsiku limene anaima m'munda mwanga kufika tsiku limene tinaima pamanda, masiku khumi ndi asanu. Chotsani asanu ndi limodzi, atsala asanu ndi anayi. Chotsani awiri a panjira, atsala asanu ndi awiri. Sabata yathunthu ndikanakhala naye, kumusambitsa, kumumwetsa phala, kumuuza kuti nanenso ndinalakwa. Za miyezi itatu ija sindiwerengera n'komwe, mutu umakana. Samu imeneyi ndaibwereza zaka zonsezi ndipo sinatulukepo mosiyana.

Titabwerera ndi mwana, anthu anasonkhana pakhomo panga kudzakhuza. Mchimwene wanga, mwini mbumba, anafunsa pagulu kuti uthenga unafika liti. Ndisanayankhe, mayi wina anati wa nsomba uja anamuona ataima pakhomo pano dzuwa lija, mvula isanayambe. Kunayamba manong'onong'o. Ndinamva wina akuti mayi wanji amagonera kalata ya mwana wake miyezi itatu, ngati sankafuna kuti afe. Wina anatchula mawu aja amene amatchulira amayi achikulire okhala okha, osaseka ndi anthu. Inu a kuno mukudziwa chimene chimatsatira mawu amenewo akangotchulidwa pamaliro.

A Mukhova anaimirira, matope a kutsidya adakali pa buluku.

"Achibale, musawavutitse mayiwa. Kalata anabwera nayo kwa ine sabata yomwe inafika. Anandipempha kuti ndiwawerengere. Ndinakana. Lamulo langa mukulidziwa nonse."

Anthu anakhulupirira pomwepo, chifukwa lamulolo ankalidziwadi, ndipo ambiri linawapwetekapo. Komanso munthuyo sanadziwikepo ndi bodza. Ine ndinali pamphasa, mwana ali pamwendo. Pakamwa ndinali napo. Ndinakhala chete.

Zimene zinawagwera ndinaziona ndi maso angawa. Kumpingo anawatsitsa pa ukulu. M'shedi muja, mmene tinkakhala mothinana, tinatsala asanu ndi mmodzi. Pamsika wa Milonde anthu ankawalozerana ndi milomo. Akazi awo, amene anamwalira osadziwa chilichonse, anabwera kwanga ndi nkhuku yaikazi, n'kugwada pakhomo kupepesa m'malo mwa amuna awo. Nkhukuyo ndinailandira. Inaswa kanayi.

Mwina mukuganiza kuti ndinawathokoza. Ayi. Ndinayamba kudikira mtengo wake. Ndinati munthu sasenza chinthu chotere chaulere, tsiku lina abwera kudzapempha munda wa kumtsinje, kapena china choposa munda. Ndinkawayang'anitsitsa m'kalasi, ndinkamvetsera kumjigo ngati nkhani yatuluka. Chaka chitatha ndinatopa. Anzanga atatuluka ndinatsalira pakhomo paja.

"Aphunzitsi, mukufuna chiyani kwa ine? Nenani lero ndidziwe."

Anapitiriza kupukuta bolodi. "Ndikufuna muzisiyanitsa mawu polemba. Mumawaunjika ngati mbatata."

"Sindikuseka."

"Inenso ayi." Anaika kansanza pansi. "Mphunzitsi wouma mtima anthu amangomuda. Mayi amene amuganizira zija amamuotchera nyumba, ndipo inu muli ndi kamwana. Komanso si bodza lonse. Ine ndinazindikira tsiku limene munabweretsa mawu akuti mafupa. Ndinadikira masabata awiri chifukwa chonyadira lamulo langa. Inu muli ndi masiku anu, inenso ndili ndi anga."

Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka atadwala.

Lamulo lija sanalitaye, koma analiikira khomo. Kuyambira chaka chimenecho, tsiku loyamba la ophunzira atsopano, asanatsegule kaundula, ankafunsa ngati alipo amene wasiya pepala kunyumba likumudikira. Ankati pali mapepala oti angadikire munthu aphunzire, ndipo pali ena amene ali ndi mpweya mkati. Kuseri kwa shedi anaikako mipando iwiri yofulatirana. Anthu ankati ndi kulapa kwa munthu wolakwa, iwo osatsutsa. Pang'onopang'ono kalasi inadzazanso. Amake Joji lero amawerenga mawu kumvano. Bambo wina wa ku malaini a esiteti anadziwira pamipando imeneyo kuti tsiku la opaleshoni ya mkazi wake linali mawa lake, osati mwezi wamawa. Onsewo ankawakonda a Mukhova, koma ndi kachikoma kaja kumapeto, koti koma zija anachita.

Belu sanasiye. Zaka zonsezi, m'mawa uliwonse popita kumunda, ankaliza kawiri pakhomo panga, ine n'kutsokomola mkati. Sanalowepo, ndipo sindinawaitanepo. Maso atachita ng'ala n'kusiya kupalasa, ankayenda akukankha njingayo ngati ndodo, kuti belu lipezeke.

Mwezi wawo womaliza ndinkapita kwawo Lachitatu lililonse kukawawerengera zolembedwa pa mankhwala ndi nyimbo za m'buku. Ankagona chofulatira, akuti anazolowera kundimva choncho. Tsiku lina ndinatseka buku n'kuwauza kuti Lamulungu ndikaima m'tchalitchi ndikanene zonse.

"Mukachita chibwibwi, anthu akakusokonezani ndi mafunso," anatero. "Dikirani ndipite. Ndiye mukalembe, ndi dzanja lanu, osatuma munthu. Imeneyo ndi ntchito yanu ya kunyumba. Ndipo musiyanitse mawu."

Ndiye ndi imeneyi. Kalata sindinapite nayo kwa iwo. Sanakane kundiwerengera. Anabwera okha kudzandipempha, ine n'kuwathamangitsa ngati mbuzi yolowa m'munda. Amene muli ndi m'bale wanu amene anasiya sukulu chifukwa cha nkhani ija, muwerengereni pepalali, ndipo mumupatse lonse, osati theka. Kope lina ndatumiza kwa mdzukulu wanga Esitere ku Blantyre kumene akugwira ntchito. Wakula akudziwa kuti amayi ake anafa okha chifukwa cha nkhalamba ya belu, ndipo sanaipatsepo moni. Papita masabata awiri, sanayankhe. Ali ndi ufulu.

Dzulo ndinadzera kushedi. Bolodi likadali pomwepo, ndipo pakona pake patsala manambala a tsiku lomaliza limene anaphunzitsa, mvula yodontha padenga yayamba kuwachotsa. Patebulo pali kachidutswa ka makaka kamene ngakhale amake Joji sanakakhudze. Mipando iwiri ija ikadafulatirana kuseri, udzu wamera pakati pake. Mwana wamkulu wa a Mukhova anandionetsa kaundula. Chaka ndi chaka, mzere womaliza, aphunzitsi analemba kuti mayi wa pakhomo. Ndinapempha bolopeni n'kulemba dzina langa pambali pake, lonse. Lipite kumene lipite.

M'mawa tsopano ndimadzuka n'kukhala pabedi kudikira, kenako n'kukumbukira. Munthu yekhayo amene ankadziwa ngati ndadzuka wapita, ndipo nditatha kulemba izi sindikudziwa kuti atsale ndani wofuna kudziwa. Komabe, inu amene mumadutsa njira ya kumsika, nyumba yanga ndi ya mtengo wa mapeyala, yoyang'ana kuphiri. Gogodani kawiri. Ndikufunsani kuti ndinu ndani ndi amene wakutumani, mwina sindikhulupirira yankho lanu, musakhumudwe. Mukamva kutsokomola, pitirirani ulendo wanu. Mukapanda kumva kanthu, kankhani chitseko ndi phewa. Mpiringidzo umodzi ndauchotsa, ndipo wotsalawo ndi wofumbwa.